Mfuti ya lever-action ndi chipolopolo chachilendo: mafunso ndi mayankho

Aliyense amene anakula akuonera mafilimu a makauboyi mfutiyi amaidziwa, ngakhale dzina lake sanalimvepo. Ndi ija munthu akangowombera amatsitsa chogwirira cha kunsi n'kuchibwezanso, khoko lopanda kanthu n'kuulukira uko, chipolopolo china n'kulowa m'malo. Kwawo kwa mfuti ya lever-action ndi ku America, kumene makampani a Winchester, Marlin ndi Savage anazipanga mamiliyoni. Winchester Model 1894 yokha inapitirira 7 miliyoni. Mfuti zikachuluka chotero, zina mipope imatha, zina zipolopolo zake zimasowa m'masitolo, zina eni ake amangozifunira mphamvu zoposa zimene zinabadwa nazo. Mpomwe panachokera ntchito yosintha mfuti kuti iziwombera chipolopolo cha mtundu wina, imene amisiri a mfuti kumeneko aigwira kwa zaka zoposa 100.

Kodi si nkhani yongomasula mpope wakale n'kumangapo wina?

Zikanakhala choncho bwenzi aliyense akuchita. Mpope ndiye mbali yosavuta. Chovuta ndi ulendo umene chipolopolo chimayenda chisanafike mumpopemo.

Pa Winchester ndi Marlin zambiri, zipolopolo zimagona pamzere m'kapaipi kamene kali kunsi kwa mpope, sipuling'i ikuzikankhira kumbuyo. Mukatsitsa chogwirira, chitsekero chimabwerera m'mbuyo, kambedza kake katakola mkombero wa khoko lowombedwa kale n'kulisolola. Nthawi yomweyo chipolopolo chimodzi chimatuluka m'kapaipi n'kukagona pa kachitsulo konyamulira, pomwe kachitsulo kena kamatchinga chotsatira kuti chisatulukire limodzi. Konyamulirako kamadzuka n'kuloza chipolopolo kukamwa kwa chipinda, malo otambasuka a kumbuyo kwa mpope m'mene chimakhala powombera. Chitsekero chimachikankhira mkati, zitsulo zokhomera n'kukwera kumbuyo kwake. Zonsezi zimachitika dzanja likatsika ndi kukwera kamodzi, ndipo kachitsulo kalikonse kanasulidwa poyeza chipolopolo chimodzi basi.

Chipolopolo chatsopano chikafupika pang'ono, chachiwiri chimasuzumira pa konyamulira, chogwirira n'kuuma gwaa, osapita kutsogolo kapena kumbuyo. Chikatalika sichidzuka n'komwe. Mkombero ukachepa, kambedza kamaphonya ndipo khoko limatsala m'chipinda. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito akamva pempho lotere sayamba ndi mpope. Amayamba wafunsa utali wa chipolopolo, kukula kwa mkombero wake, ndi mphamvu imene onga wake umakankhira zitsulo ukayaka.

Utali ungavute chonchi? Thupi la mfuti silingatakasidwe mkati?

Pang'ono chabe, ndipo chitsulo chilichonse chopalidwa mmenemo chimachepetsa kulimba. Nkhaniyi inaisautsa ngakhale kampani ya Winchester yomwe. M'chaka cha 1873 asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito chipolopolo cha .45-70, ndipo alenje a njati za kumeneko anachikonda. A Winchester anatenga kapangidwe ka Model 1873 n'kukakulitsa, kutuluka Model 1876, koma .45-70 sichinakwanebe: chinali chachitali kuposa mmene kachitsulo konyamulira kakanathera. Anachita kupanga zipolopolo zawo zofupikirapo, monga .45-75 chokhala ndi khoko lonenepa ndi .45-60. A Marlin anawapita patsogolo ndi Model 1881 imene inkadya .45-70 bwinobwino. Winchester inapuma pokhapokha itagula nzeru za mnyamata wa ku Ogden ku Utah, John Moses Browning, amene anaipangira Model 1886. Browning yemweyo ndiye anadzapanganso 1892, 1894 ndi 1895.

Manambala ake ndi awa. Chipolopolo cha .44-40, cha .357 Magnum ndi cha .44 Magnum zonse ndi zazitali pafupifupi mamilimita 40 kapena 41. Cha .30-30 ndi cha .45-70 ndi mamilimita 65. Cha .308 Winchester ndi 71, cha .30-06 ndi 85. Mfuti imene inapangidwira gulu limodzi siilumphira gulu lina. Kutsika nakonso kuli ndi mavuto ake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 a Winchester anaika .44 Magnum mu Model 94 (Model 1894 ija), thupi lopangidwira .30-30, ndipo ambiri amene anazigwira amanena kuti siziyenda mosalala ngati Model 1892, imene inabadwira zipolopolo zazifupi.

Nanga kusintha kumene kumayenda bwino ndi kotani?

Ndi kokhala m'banja limodzi. Zipolopolo zili ndi mafuko. Khoko la .38-55 ndilo kholo: atalifinya kukhosi anatulutsa .30-30 m'chaka cha 1895, ndipo .25-35 ndi .32 Winchester Special nazo ndi za m'nyumba yomweyo, pamodzi ndi .32-40. Zonsezi mkombero wake ndi umodzi, pafupifupi mamilimita 12.9, ndipo zonse Winchester inkaziika mu Model 1894 kuchokera kufakitale. Choncho Model 94 ya .30-30 ikamasinthidwa kukhala .38-55, nkhope ya chitsekero ndi kambedza sizikhudzidwa. Ntchito yaikulu imakhala pampope, kenako kusalaza tizitsulo towongolera chipolopolo ngati khoko lowongokalo likukodwa. Chimodzimodzi 7-30 Waters, chimene Ken Waters anachipanga m'ma 1970 pofinya khosi la .30-30 kuti ligwire mutu wa mamilimita 7, ndipo chinalowa m'masitolo mu 1984.

Marlin 336 nayo imasinthika m'banja lomweli. Koma pali msampha umodzi umene umagwira anthu. Mfutiyi imapezekanso mu .35 Remington, ndiye munthu amaganiza kuti kuchoka pa .30-30 kupita kumeneko ndi kusintha mpope basi. Ayi. Khoko la .35 Remington lilibe mkombero wotulukira kunja, choncho chitsekero chake ndi china.

Pampopepo amisiri amatani kwenikweni?

Njira ndi zinayi, ndipo iliyonse ili ndi pake. Yoyamba ndi kukumbanso chipinda chokha, bowo la mpope n'kulisiya mmene lilili. Imatheka ngati mutu wa chipolopolo sukusintha kukula ndipo khoko latsopano ndi lalikulupo kuposa lakale paliponse, chifukwa chitsulo chimachotsedwa, sichibwezeredwa.

Yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru kuposa zonse, ndi kuboolanso mpope wonse kuti bowo likule, n'kudulanso mizere yopota ija imene imazunguliza mutu wa chipolopolo. Taganizani za Model 94 yakale imene mkati mwa mpope munadyeka ndi dzimbiri. Zipolopolo zakale kadiso kake koyatsira onga kankasiya mchere mumpope, ndipo mwini mfuti akagona osatsuka, dzimbiri linkayamba. Mukaloza mpope wotere kudzuwa n'kusuzumira, mumaona mdima ndi timaenje, mizere itangotsala mthunzi. Kunja mfuti ili bwinobwino. Wobooleranso amachotsa chitsulo chodyekacho, bowo la .30 n'kusanduka la .38-55, mkati n'kuwala ngati mwatsopano, pomwe kunja mpope ndi womwewo, mtundu wake womwewo, zoyang'anira zake zomwezo. Chipolopolo cha .35-30, chomwe ndi khoko la .30-30 lotanulidwa kukhosi, chinabadwa chifukwa cha ntchito imeneyi, populumutsa mipope yotha ya .32 Special ndi .32-40. Malire ake ndi kunenepa kwa mpope: wopyapyala sungabooledwe kwambiri, makamaka pamene pali timipata tolowetsamo zoyang'anira.

Yachitatu ndi kuboola mpope n'kulowetsamo kampope kena kopyapyala kokhala ndi mizere yake. Imeneyi ndi ya zipolopolo zofatsa monga .22, .32-20 ndi .44-40, ndipo kawirikawiri cholinga chimakhala kubwezera mfuti pa chipolopolo chake chakale. Yachinayi ndiyo kumanga mpope watsopano, yodula kuposa zonse, chifukwa pa mfuti ya mtundu uwu mpope umanyamula kapaipi ka zipolopolo, thabwa logwirira kutsogolo ndi zoyang'anira, ndipo zonsezi zimafuna mipata yake.

Ndimamva za Winchester 1892 zosinthidwa kukhala Magnum. Zinayenda bwanji?

Imeneyi ndiyo nkhani yotchuka koposa, ndipo ili ndi chokoma ndi chowawa chomwe.

Model 1892 inapangidwa pafupifupi 1 miliyoni, mu .44-40, .38-40, .32-20 ndi .25-20, mpaka m'ma 1940. Ndi imene John Wayne ankaizunguza m'dzanja mu filimu ya Stagecoach ya 1939, ndipo mafilimu ambiri ankaionetsa m'nkhani za zaka zimene inali isanapangidwe n'komwe. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, zipolopolo zake zinayamba kuoneka zachikale, mfutizo n'kumagulitsidwa motchipa. Panthawiyo kunali kutabwera .357 Magnum, cha 1935, kenako .44 Magnum pakati pa zaka za m'ma 1950, zonse zopangidwira mfuti za m'manja. Anthu anakumbukira mwambo wa agogo awo, wonyamula mfuti yaitali ndi ya m'chiuno zodya chipolopolo chimodzi, monga zinalili Colt itayamba kupanga mfuti ya m'manja ya .44-40 kumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Utali unkagwirizana. Zitsulo ziwiri zokhomera zimene Browning anaika kumbuyo kwa chitsekero zinali zolimba kuposa mmene onga wakuda unkafunira. Amisiri anayamba ntchito: za .32-20 ndi .25-20 zinkapita ku .357, za .44-40 ndi .38-40 ku .44 Magnum.

Pochita ndiye panaoneka zobisika. Mkombero wa .32-20 ndi pafupifupi mamilimita 10.4, wa .357 ndi 11.2, choncho nkhope ya chitsekero, kapaipi, khomo lolowetsera zipolopolo ndi tizitsulo towongolera zonse zinkafuna kukhudzidwa. Khoko la .44-40 ndi lowonda chakutsogolo, ndiye limatsetsereka lokha polowa m'chipinda. La Magnum ndi lowongoka kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo likafika mopendekera limagunda pakhomo. Mfuti yochoka kwa mmisiri wodekha inkayenda ngati yakufakitale. Yochoka kwa wothamanga inkadya zipolopolo zitatu, chachinayi n'kukakamira. Panalinso kamsomali komenyera: pa mfuti zakale ndi konenepa ndipo bowo lake ndi lotakasuka, ndiye mphamvu ikakwera, chitsulo chofewa cha kadiso koyatsira onga chimabwerera m'bowomo. Ofuna kuchita bwino ankachepetsa bowolo ndi kamsomali komwe.

Masiku ano chifukwa chochitira zimenezi chinatha. A Marlin anatulutsa Model 1894 yawo mu .44 Magnum mu 1969, ya .357 n'kutsatira patapita zaka khumi. A Rossi ku Brazil amapanga mfuti ya kapangidwe ka 1892 mu .357, .44 Magnum ndi .45 Colt. A Miroku ku Japan amapanga zokhala ndi dzina la Winchester lenilenilo, fakitale ya ku New Haven itatsekedwa mu 2006. Zonsezi ndi za chitsulo chamakono. Wodula 1892 yeniyeni lero kuti idye .357 amalipira mmisiri ndalama zogulira mfuti yatsopano, n'kutsala ndi mfuti yotsika mtengo kuposa imene anapita nayo.

Ngati chipolopolo chalowa ndipo chitsekero chatseka, si ndiye kuti zili bwino?

Maganizo amenewa ndi amene amachotsa anthu maso ndi zala. Kulowa sikutanthauza kanthu.

Bungwe la SAAMI, limene limaika miyezo ya zipolopolo ku America, limalola mphamvu ya onga wa .44-40 kufika 11,000 psi. Cha .44 Magnum chimafika 36,000, kupitirira katatu. Cha .357 ndi 35,000, cha .45-70 ndi 28,000, cha .30-30 ndi 42,000, cha .308 ndi 62,000. Tsono onani mmene mfutizi zimatsekera. Henry ya 1860, Winchester 1866, 1873 ndi 1876 chitsekero chake chimagwiridwa ndi tizitsulo tiwiri topindika ngati bondo, toimikidwa ndi timapini. Pa onga wakuda zinkakwanira. Kuika chipolopolo cha Magnum mu 1873 yakale kuli ngati kumangirira ngolo ya ng'ombe kumbuyo kwa lole yothamanga pamsewu wa tala: iyenda ndithu, funso ndi lakuti mpaka pati. Pali 1873 zamakono zopangidwa mu .357 ku Italy ndi ku Japan, koma chitsulo chake ndi cha lero ndipo zinayesedwa kufakitale.

Ngakhale zolimba za Browning zimakhoma kumbuyo kwa chitsekero, osati kutsogolo pafupi ndi chipinda ngati mfuti za mtundu wina, za bolt-action. Powombera, thupi lonse la mfuti limatamuka pang'ono n'kubwerera. Mphamvu ikapyola muyezo, silibwerera lonse. Mpata wa pakati pa chitsekero ndi khoko umakula pang'onopang'ono, makoko amayamba kuonetsa mzere wowala pamwamba pa mkombero, tsiku lina limodzi n'kuduka pakati. A Winchester atafuna kuika .375 Winchester mu Model 94 mu 1978, sanangosintha mpope. Ananenepetsa mbali zonse ziwiri za thupi chakumbuyo, pamene pali chitsulo chokhomera, n'kuitcha Big Bore, ndipo .307 ndi .356 zinadzalowa m'thupi lomwelo.

Choopsa n'chakuti .375 Winchester chimafanana kwambiri ndi .38-55 ndipo chimatha kulowa m'chipinda cha mfuti yakale ya .38-55, chikhalirecho mphamvu yake ndi yoposa kutali. A Marlin ndi a Hornady anaganizira ngozi yotere popanga .450 Marlin mu 2000: anachiveka lamba wonenepa kuthako kwa khoko kuti chisalowe m'chipinda chimene si chake.

Bwanji zipolopolo za mfutizi zimakhala ndi mitu yaphwatalala? Sangaike zosongoka kuti zizifika patali?

M'kapaipi muja nsonga ya chipolopolo chilichonse imagunda pakadiso koyatsira onga ka chimene chili patsogolo pake. Mfuti ikabwerera m'mbuyo powombera, mzere wonse umagundana. Nsonga yolimba ndi yosongoka ikhoza kugwira ntchito ya kamsomali komenyera, zipolopolo n'kuphulikira m'kapaipi, pamene dzanja lamanzere lagwira. Ndiye chifukwa cha mitu yaphwatalala kapena yobulungira, ndipo mutu wotere umalimbana ndi mphepo n'kutsika msanga. Mlenje wa .30-30 amadziwa kuti mtunda wake ndi wapafupi, wa m'nkhalango.

Anthu ayesa kuzemba vutoli m'njira zosiyanasiyana. Afalansa pa mfuti yawo yankhondo ya Lebel, imene nayo inali ndi kapaipi, anadula kangalande kozungulira kuthako kwa khoko kuti nsonga ya chotsatira izikodwa mmenemo. A Hornady cha m'ma 2006 anatulutsa zipolopolo za LEVERevolution zokhala ndi nsonga yofewa ya pulasitiki, yosongoka koma yofinyika. Izi zinachepetsa chifukwa china chimene anthu ankasinthira mfuti, popeza phindu limene ankalifuna kwa mmisiri analipeza m'bokosi la kusitolo.

Njira yeniyeni inali kuchotsa kapaipiko. Winchester 1895 ili ndi magazini ya bokosi kunsi, zipolopolo zitasanjikizana, ndipo inkapangidwa mu .30-40 Krag, .303 British, .30-06 ndi .405. Ya .405 ndi imene Theodore Roosevelt anapita nayo kum'mawa kwa Africa mu 1909 n'kuitamanda pa mikango. Panthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse boma la Russia linagula pafupifupi 300,000 za mfutizi mu chipolopolo chawo cha 7.62x54R, moti zambiri mwa 1895 zonse zimene zinapangidwa zinapita kumeneko. Savage 99 ili ndi magazini yozungulira, ndipo m'ma 1950 kampaniyo inakonzanso mkati mwake kuti .308 chikwane. Browning BLR ili ndi bokosi lochotseka komanso chitsekero chokhoma kutsogolo. Choncho wofunsa ngati Model 94 yake ingasanduke .308 yankho ndi ayi katatu: utali sukwana, mphamvu ndi yochuluka, nsonga ndi yoopsa. Mfuti imene akuifunayo ilipo kale, dzina lake ndi lina.

Pali kusintha kumene kunaperekadi chinthu chimene fakitale inalibe?

Kulipo, ndipo kunachokera ku Alaska, kwa zimbalangondo zazikulu. Winchester Model 71, mdzukulu wa 1886, inapangidwa kuyambira 1935 mpaka 1958 mu chipolopolo chimodzi, .348 Winchester, cha khoko lalikulu kwambiri. M'ma 1950 mmisiri Harold Johnson wa ku Cooper Landing anatanula khosi la khokolo kuti ligwire mutu wa .458, n'kutulutsa .450 Alaskan, kenako .50 Alaskan. Operekeza alenje m'tchire lowirira, kumene chimbalangondo chimatulukira pamtunda wa mamita ochepa, ankafuna mutu wolemera ndi mfuti yobwereza msanga, ndipo nthawi imeneyo m'masitolo munalibe yotero.

Apa zinthu zitatu zija zinagwirizana. Mkombero sunasinthe chifukwa khoko ndi lomwelo. Utali unakwana. Thupi la 71 linali lolimba. Komabe panatuluka vuto limene silinali papepala: mfuti inkabwerera mwamphamvu moti kapaipi kodzaza zipolopolo zolemera kankasolokera kutsogolo, ndiye amisiri ankachita kukamangiriranso kumpope molimba. Model 71 zinapangidwa pafupifupi 47,000 zokha, ndipo lero osunga mfuti zakale amadandaula ndi iliyonse imene inadulidwa. A Marlin atabweretsanso Model 1895 mu .45-70 mu 1972, ambiri mwa ofuna mfuti ya zimbalangondo anasiya kupita kwa amisiri.

Nanga .30-30 Ackley Improved n'chiyani? N'choyenera ndalama zake?

P. O. Ackley anali mmisiri wotchuka amene ankakonda kuwongola makoko. Chipinda chimakumbidwanso kuti mbali za khoko ziwongoke, phewa lake liime pa madigiri 40, onga ulowe wochulukirapo. Ubwino wake ndi wakuti .30-30 wamba chimawomberekabe mmenemo, ndipo khoko limatuluka litatenga maonekedwe atsopano. Koma liwiro limangokwera pang'ono, zipolopolo zake sizigulitsidwa m'masitolo wamba, ndipo phindu limapita kwa yekhayo amene amadzidzazira makoko. Mbawala siingasiyanitse.

Mfuti yakale ikasinthidwa mtengo wake umakwera kapena umatsika?

Umatsika, nthawi zambiri kwambiri. Osunga Winchester amafuna mfuti ili monga inatulukira, makamaka za chisanafike chaka cha 1964, pamene kampani inasintha kapangidwe pofuna kuchepetsa ndalama zopangira. Ku Cody Firearms Museum ku Wyoming kuli mabuku akufakitale a mfuti zambiri zakale, ndipo munthu akatumiza nambala ya mfuti amamulembera kalata yonena mmene inatulukira, chipolopolo chake ndi mtundu wa mpope. Kalatayo ikanena .32-20 pomwe mfuti ikudya .357, wogula amabwerera. Yoyenera kupita kwa mmisiri ndi ija imene ilibenso chotaya: yofala, yodyeka mkati, mwina inapakidwanso kale mtundu. Imeneyo kuibooleranso ndi kuidzutsa.

Malamulo amati chiyani?

Zimasiyana dziko ndi dziko. Ku America boma lalikulu silifuna chilolezo chapadera posintha chipolopolo cha mfuti yosakira, koma mpope ukafupika kuposa mainchesi 16 mfutiyo imagwera pansi pa lamulo la 1934 ndipo imayenera kulembetsedwa. Ku Britain chiphaso cha mfuti chimatchula kukula kwa chipolopolo, choncho kusintha kumafuna kuti apolisi asinthe chiphasocho, ndipo mfuti yokhudzidwa chipinda kapena mpope siigulitsidwa isanayesedwenso ku nyumba yoyesera mfuti ya ku London kapena ya ku Birmingham. Kumeneko amaiwombera ndi zipolopolo zamphamvu kuposa muyezo, ikapirira n'kuidinda chizindikiro. Kumenekonso lever-action za .357 ndi .44 zinafala m'makalabu owombera chandamale mfuti za m'manja zitaletsedwa mu 1997. Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la 2000 limaletsa munthu wopanda laisensi ya umisiri wa mfuti kusintha kukula kwa bowo kapena utali wa mpope. Kuno ku Malawi mfuti siisungidwa popanda chilolezo cha kupolisi, ndipo amene ali nayo mwalamulo, kumeneko ndiko koyambira kufunsa asanaganize zoipereka kwa wina aliyense. Ntchito imeneyi si ya wowotcherera zitsulo wa pamsika.

Palibe njira yowombera zipolopolo ziwiri popanda kudula kanthu?

Pa mfuti zina ilipo. Ya .357 Magnum imalandira .38 Special, ya .44 Magnum imalandira .44 Special, chifukwa ndi makoko ofanana kunenepa koma afupiafupi ndi ofatsa. Kubweza sikuloledwa. Ngakhale pamenepa utali umabwereranso: mfuti zina zimadya .38 Special mosavuta, zina zimakakamira pokhapokha mutu ukhale wautali. Marlin 39A ya .22 inapangidwa kuti izidya zazifupi, zazitali ndi za Long Rifle m'kapaipi kamodzi. Kale kunalinso mfuti zomasuka pakati, ndipo Savage 99 zina zinkagulitsidwa ndi mpope wachiwiri wa .410 wowombera mbalame, chipolopolo chimodzichimodzi choika ndi dzanja.

Mfuti yosinthidwa kale, wogula aidziwa bwanji?

Nthawi zina saidziwa, ndipo ngozi yake ndi imeneyo. Mpope wobooledwanso umakhalabe ndi zilembo zakufakitale. Mmisiri wabwino amafafaniza zakalezo n'kudinda zatsopano poonekera. Ena ankadinda kunsi kwa mpope, kumene thabwa limabisa. Ena sankadinda n'komwe, ndipo mwini wake woyamba, yekhayo amene ankadziwa, anamwalira kalekale. Choncho Model 1892 yolembedwa 32 W.C.F. (ndiye kuti .32-20) ikhoza kukhala .357, ndipo Model 94 yolembedwa 30 W.C.F. (ndiye kuti .30-30) ikhoza kukhala .38-55 kapena Ackley.

Zizindikiro zilipo kwa woyang'anitsitsa: mpope wowala kuposa thupi lotumbuluka, bowo la kukamwa lalikulu poyerekeza ndi kunenepa kwa mpope, mikwingwirima ya tupa pa tizitsulo towongolera. Koma chotsimikizira ndi cha mmisiri. Amatseka mpope patsogolo pang'ono pa chipinda, n'kuthiramo chitsulo chofewa chimene chimasungunuka ndi kutentha kosafika pa madzi owira. Chikauma amachigogoda n'kutuluka chitatenga maonekedwe enieni a chipindacho, n'kuchiyeza. Amakankhanso kampira ka mtovu mumpope kuti adziwe kukula kwa bowo, zomwe n'zofunika kwambiri pa .38-55 ndi .44-40, popeza mipope yake yakale imasiyana kukula ndithu. Pomaliza amalowetsa tizitsulo toyezera mpata wa pakati pa chitsekero ndi khoko: chogwirira chiyenera kutseka pa kamodzi n'kukana pa kenako. Chikatseka pa tonse, mfutiyo siyenera kuwombedwa mpaka mpatawo utakonzedwa.